Mtima Wotsatidwa ndi Mtima Wogwiridwa: Mwana Wosiyana ndi Anzake m'Zisudzo za Ana kwa Kakumbi

Mwa mitu yofala m'zisudzo zolembera ana, ulipo umodzi umene aphunzitsi ambiri amaulandira osaufunsa. Mwana wosiyana ndi anzake amasekedwa, iye nakana kusintha, natsata chokhumba mtima wake, ndipo potsiriza onse amamuombera m'manja. Mizu ya mutuwu njodziwika. Hans Christian Andersen anafalitsa The Ugly Duckling mu 1843, ndipo Munro Leaf anatulutsa The Story of Ferdinand mu 1936, nkhani ya nkhunzi ya ku Spain imene inkangokhala patsinde pa mtengo kununkhiza maluwa pamene zinzake zinkagundana nyanga. Ataitengera kubwalo la ku Madrid kuti ikalimbane ndi anthu, inakhala pansi, mpaka anaibweza kwawo. Nkhani ziwirizi zaseweredwa m'maiko ambiri. Funso lathu ndi lakuti: kodi mutu woterewu ukafika kwa Mfumu Kakumbi, m'boma la Mambwe, ana oonerera amamva chimene wolemba anafuna kuti amve?

Tasankha dera limeneli chifukwa zisudzo si zachilendo kumeneko. Ku Mfuwe ndiko kunabadwira gulu la SEKA, limene linadziwika ndi sewero la Kusanga, momwe ochita zisudzo amasanduka nyama ndi matupi awo ndi zipangizo zochepa chabe. Njira yotengera zisudzo kumidzi m'zilankhulo za eni ake inalambulidwa kale ndi Chikwakwa Theatre, imene inayamba pa yunivesite ya Zambia motsogozedwa ndi Michael Etherton. Choncho luso la pabwalo silisowa. Chovuta chagona m'mawu ndi m'kaumbidwe ka nkhani.

Tiyambe ndi liwu lakuti mtima. M'Chinyanja mtima ndi chinthu chofunika kuchiyang'anira, monga mbuzi ya pachingwe. Umapsa, umauma, umatayika. Munthu wokhwima ndi amene amaugwira, kapena kuukhazika pansi. Mwambi wakuti mtima suvala nsanza umavomereza kuti ngakhale wosauka amakhumba zabwino, koma sulangiza munthu kuthamangira zokhumbazo. Tsono wochita sewero akauza ana kuti "tsatani mtima wanu", chiganizocho n'cholondola pa malamulo a chilankhulo, koma m'khutu la agogo amene akhala pamphasa kumbuyo kwa anawo chikumveka ngati chilolezo cha mwano. Mwana wotsata mtima wake amadziwika kale m'nthano zathu: ndiye wosamva uja amene anamva nkhwangwa ili m'mutu. Tionjeze kuti ana ambiri a kwa Kakumbi amalankhula Chikunda kunyumba, ndipo Chinyanja amachiphunzira bwino kusukulu. Mawu omasuliridwa kuchokera ku Chingerezi amawafika atadutsa mitsinje iwiri.

Mathero a nkhani ya Ferdinand nawonso ngovuta. Nkhunziyo imabwerera pamtengo wake, yokhayokha, ndipo wolemba amati imeneyo ndiyo mphotho. Kumudzi, kumene amati kalikokha n'kanyama, mwana wokhala yekha pansi pa mtengo amamufunsa ngati wadwala, ndipo wamkulu wotero amamunong'oneza zina.

Koma kungakhale kulakwa kunena kuti mwambo wathu sudziwa mwana wosiyana ndi anzake, kapena kuti mutuwu ndi wosafunika. Mwana wachialubino, wachibwibwi, wopunduka mwendo, aliyense wa iwo amadziwa kuwawa kwa kusekedwa pabwalo la sukulu, ndipo akuyenera kudziona m'sewero. Nthano ya Kamdothi ndi yake. Mayi wosabereka aumba mwana ndi dothi, mwanayo nakhala wamoyo. Amuchenjeza kuti akaona mitambo athamangire kunyumba, ndipo mvula ikayandikira amamuitana ndi nyimbo. Tsiku lina Kamdothi apita kutali posewera ndi anzake, mvula imupeza panjira, nasungunuka.

Anthu ambiri amaiwerenga nthanoyi ngati chenjezo kwa ana osamvera. Ife tikuona kuti kuwerenga kotero n'kwapamwamba chabe. Kamdothi sanabe, sanatukwane munthu. Chimene mtima wake unkafuna ndi chimene mwana aliyense amafuna: kusewera ndi anzake mpaka masewera atatha. Kusiyana kwake sikunali nthenga zokongola zobisika, monga za kabakha ka Andersen, zimene tsiku lina zidzaonekera kuti onyoza achite manyazi. Kunali kusiyana kokhalitsa, kokhala ndi mtengo wake, ndipo mtengowo unalipiridwa ndi thupi lake. Apa nthano yathu yanena zoona kuposa za kunja zija, pakuti mwana wachialubino sadzadzuka tsiku lina dzuwa litaleka kumuotcha. Ndipo nthanoyi imasiya mpata umene wolemba sewero wanzeru angalowemo: anzake aja anali kuti mitambo itayamba kuda? Palibe mmodzi amene akanathyola tsamba la nthochi, kapena kunena kuti lero tisewere pafupi ndi khonde? Funso likachoka pa mtima wa mwana mmodzi n'kugwera pa gulu lonse, ana onse oonerera amakhala pamlandu, ndipo agogo aja sapezanso chotsutsa.

Kwa Kakumbi kulinso mtundu wina wa mwana wosiyana umene uyenera kuunikidwa mosamala. Derali lili m'chigawo chosungira nyama cha Lupande, moyang'anana ndi paki ya South Luangwa imene inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo njovu zimatha kudya usiku umodzi munda umene banja limadalira chaka chonse. N'kwapafupi kulemba sewero la mwana wokonda njovu amene akutsutsana ndi mudzi wonse, n'kulitcha la kutsata mtima. Koma wounika ayenera kufunsa kuti mtimawo ngwa yani. Ngati mwanayo alankhula ziganizo zofanana ndi za m'timapepala ta mabungwe, ndipo atate ake olondera munda aonetsedwa ngati mbuli, ndiye kuti mwanayo wangobwerekedwa pakamwa. Sewerolo limakhala lamoyo pokhapokha mwanayo akamakonda njovu komanso kumva njala pamene nkhokwe ili yopanda kanthu, ndipo atate ake apatsidwa mawu amphamvu ofanana ndi ake.

Mphunzitsi wofuna kuyesa Kamdothi ndi ana a giredi 5 kapena 6 asasinthe mathero ake msanga. Aimitse sewero pamene madontho oyamba agwa, mayi akuimba chapatali, ndipo afunse oonerera kuti atani. Ana ena adzathamangira kubwalo ndi zitenje. Ena adzati n'zake, anamuuza. Magulu awiriwo awalole atsutsane m'Chikunda.