Luso Lomanga Mtolo Umodzi

Ndimalemekeza opanga mapulogalamu a Android amene amasonkhanitsa kaye zolemba asanazitumize ku database. Posunga dzina, nambala ndi imelo ya munthu m'foni, katswiri satumiza chilichonse pachokha. Amazimanga pamodzi kudzera mu applyBatch ya ContentProvider, monga mmene wopita kuchigayo amasenzera thumba lathunthu m'malo moyenda maulendo ndi kapu.

SQLite, database imene Android imagwiritsa ntchito, yomwe D. Richard Hipp anaitulutsa mu 2000, imadikira kuti zolembedwa zikhazikike pamapeto a transaction (mtolo wa zolemba) iliyonse. Zonse zikalowa mu transaction imodzi, kudikirako kumachitika kamodzi kokha. Chimodzi chikakanika, zonse zimabwerera mmene zinalili, ndipo sipatsala nambala yopanda mwini.

Foni ikamayankha msanga n'kusunga zolondola, tizithokoza amisiri osamalawa.