Zango ya WITCH pambali pa zimbale za ku Finland

Pali nyimbo zimene makolo athu m'komboni akangozimva amati zimitsani, izo n'za Satana. Gitala limalira ngati chigayo, ng'oma zikuthamanga, woyimba akubangula. Dziko limene latchuka ndi phokoso limeneli ndi Finland, kumpoto kwa Ulaya, kumene anthu sakwana 6 miliyoni koma magulu a heavy metal ali mbwee.

Mukamvetsera bwino, pansi pa phokosolo pali nthano za agogo awo. Gulu la Amorphis lakhala likutunga nkhani zake mu Kalevala, buku la nyimbo zakale zimene Elias Lönnrot anatola m'midzi n'kusindikiza mu 1835. Chimbale chawo cha 2018, Queen of Time, achidzaza kwaya, zitoliro ndi mavayolini mpaka nthawi zina chimakhala ngati ndiwo zochuluka zokometsera, koma mayimbidwe a makolo awo satayika. A Moonsorrow anayimba Jumalten aika (2016) m'chinenero chawo osasamala kuti wakunja amva kapena ayi. A Insomnium anachita kunyanya: Winter's Gate (2016) ndi nyimbo imodzi ya mphindi 40, ndipo ine imanditopetsa pakati. Chimene ndimasirira n'chakuti Queen of Time inafika pa nambala 1 kwawo komweko. Oyamba kugula anali eni dziko.

Ifenso tinali nalo gitala lolusa. M'ma 1970, Pulezidenti Kaunda atalamula kuti wailesi idziulutsa kwambiri nyimbo za muno, Zamrock inakula: WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya, Ngozi Family. Mtengo wa kopa utagwa komanso matenda a Edzi atatenga oyimba ambiri, nyimbozo zinazilala. Paul Ngozi anamwalira mu 1989.

Tsiku lina ndinaperekeza ana anga a Giredi 11 kukaona akasupe otentha ku Chinyunyu. Basi itaima m'mbali mwa Great East Road, mnyamata wina anaika pasipika nyimbo ya Noid ya Tyler, the Creator. Itafika pamene pamamveka Chinyanja, kalasi lonse linalandira mokuwa, kunyadira kuti mnyamata wa ku America watidziwa. Bambo wina wachikulire wogulitsa makala anaseka n'kuti, "Ana inu, ameneyo ndi Paul Ngozi." Ananena zoona. Chidutswa chimenecho n'cha Nizakupanga Ngozi, ya m'chimbale cha 45,000 Volts cha 1977. Mwa ana onsewo panalibe ngakhale mmodzi amene anamvapo dzinalo, ngakhale kuti ambiri mwa iwo amakhala m'Lusaka momwemo mmene gululo linkayimba.

Ndiye chifukwa chake Zango, imene WITCH inatulutsa mu 2023 patatha zaka pafupifupi 40 popanda chimbale chatsopano, ndimaimvetsera ndi funso limodzi: akuyimbira yani? A Emmanuel "Jagari" Chanda, amene anakhalapo mphunzitsi kenaka n'kumakumba miyala yamtengo wapatali, apyola zaka 70 koma mawu akadali ndi mano. A Patrick Mwondela ali pa kiyibodi, pamodzi ndi anyamata a ku Ulaya monga Jacco Gardner wa ku Netherlands. Anajambulira ku dB Studios mu Lusaka.

Pamene chimbalechi chikuyimbira ife, chimagwira mtima. Waile ndiyo mtima wake: ng'oma zimayenda ngati za pabwalo la gule, wina akutsogola ena akuvomera, kenaka gitala limalowa mwaukali osaphwanya mavinidwe. Apa ndi pamene WITCH ikuchita zimene Amorphis imachita ndi nyimbo za kwawo, ndipo ikuchita ndi zipangizo zochepa. Unimvwesha Shuga, ya mawu a Theresa Ng'ambi ndi Hanna Tembo, ingathe kulira pa kitchen party ku Matero anakubala osadandaula. Sampa the Great pa Avalanche of Love walowa ngati mwana wa pakhomo, sakudzionetsa ngati mlendo wolemekezeka.

Koma Streets of Lusaka imandimvekera ngati kalata yolembera mzungu amene sanafikepo pa City Market. Ndipo chimbale chonse achichapa kwambiri. Mvetserani 45,000 Volts: gitala la Paul Ngozi limang'ambika, sipika imakhala ngati ipsa, mkwiyo wa munthu wa m'komboni uli poyera. Pa Zango moto umenewo auchepetsa kuti ukwane m'mabwalo a zisangalalo a ku Ulaya ndi ku America, kumene gululi limayimba kawirikawiri masiku ano. Sindikuwadzudzula a Jagari pofuna kudya thukuta lawo mochedwa chonchi. Amene anasindikizanso zimbale zakale za WITCH ndi Now-Again Records ya ku Los Angeles, amene anajambula filimu ya We Intend to Cause Havoc (2019) ndi Gio Arlotta wa ku Italy, ndipo ife tinkangoonerera.

Nyimbo yotsekera, Message from WITCH, ndi ulaliki wa m'Chingerezi, wolankhula kuposa kuyimba. Ine ndikafika pamenepo ndimabwerera ku Waile n'kukweza voliyumu.