Pang'onopang'ono ndi Mtolo

M'nyengo yokolola ndidapita kukacheza kwa alamu anga m'dera la Inkosi Champiti, m'boma la Ntcheu. Ndidawapeza ali pakhonde, mbale ya chipisi ili pamwendo, dzuwa lisanafike n'komwe paliwombo. Miyezi itatu m'mbuyomo, a kuchipatala adawapeza ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ndipo adawalangiza kuti achepetse thupi. Nditayang'ana mbaleyo, iwo adati: "Alamu, musadabwe. Akuti wofuna kuchepetsa thupi azidya pang'onopang'ono, kasanu ndi kamodzi pa tsiku." Malangizo amenewa sadachokere kuchipatala ayi, adawalandira pa foni kuchokera kwa mnzawo wa m'tauni. Tsono sikelo idali kunena zina: thupi lidali litaonjezekera.

Chiphunzitso chimenechi chafala, ndipo n'choyenera kuchisanthula modekha. Eni ake amati thupi lili ngati moto wa pamafuwa: ukamasonkhezera nkhuni pafupipafupi umayaka kwambiri, motero mafuta a m'thupi amasungunuka. Amatinso wodya kawirikawiri samva njala yoopsa, choncho sadya mopyola muyeso. Ndi mawu okoma m'khutu, koma paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Maganizowa ali ndi gwero lake. M'chaka cha 1964, katswiri wina dzina lake Pavel Fábry, pamodzi ndi anzake mumzinda wa Prague, adaona kuti amuna achikulire amene ankadya katatu pa tsiku kapena kuchepera apo adali onenepa koposa amene ankadya kawirikawiri. Komatu kuona zinthu ziwiri zikuyendera limodzi sikutanthauza kuti china chabala chinzake. Mu 1997, France Bellisle ndi anzake ataunikanso kafukufuku wa mtundu umenewu, adasonyeza kuti anthu onenepa kawirikawiri amadumpha chakudya pofuna kuonda, ndiponso kuti ambiri akafunsidwa satchula zonse zimene adya. Mwina tsono kunenepa ndiko kudachepetsa nthawi za kudya, osati kuchepa kwa nthawi za kudya kubala kunenepa.

Yankho lomveka lidabwera poyesa zenizeni. Mu 2010, akatswiri a pa yunivesite ya Ottawa, ku Canada, adafalitsa zotsatira za anthu 16 onenepa kwambiri amene adagawidwa m'magulu awiri kwa masabata 8. Onse adachepetseredwa chakudya mofanana, koma ena ankadya katatu pa tsiku, ena kasanu ndi kamodzi. Magulu onse awiri adachepa thupi, ndipo panalibe kusiyana kwenikweni pakati pawo. Chimene chidagwira ntchito ndi kuchepa kwa chakudya, osati kuchuluka kwa mbale.

Nanga nkhani ya moto ija? Inde, thupi limataya mphamvu pogaya chakudya, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene chakudyacho chabweretsa. Koma gawo limeneli limatsata kuchuluka kwa chakudya, osati maulendo ake. Mayi aliyense wa kwa Champiti akudziwa kuti mwini chigayo amalipiritsa potengera kuchuluka kwa chimanga. Kaya thumba mwalisenza ulendo umodzi, kaya mwaligawa maulendo asanu ndi limodzi, mtengo ndi womwewo, ufa ndi womwewo. Thupi nalo limawerenga chimodzimodzi.

Tisachite chinyengo pokana zabwino zonse za kadyedwe aka. Mwana wamng'ono ali ndi mimba yaing'ono, n'chifukwa chake bungwe la WHO limalangiza kuti mwana woyamwa wa miyezi 9 mpaka 23 azidya katatu kapena kanayi pa tsiku, kuonjezapo tapakamwa kamodzi kapena kawiri. Wodwala amene wataya chilakolako cha chakudya, ndi mayi woyembekezera amene akuvutika ndi mseru, nawonso amathandizika akamadya pang'ono pafupipafupi. Odwala matenda a shuga amene ali pa mankhwala ayenera kutsata nthawi zimene a kuchipatala awapatsa. Koma taonani: ambiri mwa amenewa timawadyetsa motero kuti adye zochuluka, akule kapena apeze mphamvu. Kodi njira yonenepetsera mwana ingakhale bwanji njira yotsimikizika yoondetsera mayi wake?

Choopsa chachikulu chili m'mene malangizowa amafikira pakhomo pathu. M'mabuku amati chakudya cha tsiku chigawidwe patimagawo. Kumudzi, nsima ya masana ndi ya madzulo imakhala chikhalire, mitanda yake yomweija, pakuti banja lonse limadyera pamodzi, ndipo palibe mayi angakolezere moto kasanu ndi kamodzi, nkhuni zikusowa, ntchito ya kudimba ikudikira. Zimene zimalowa pakati ndi zogula pamsika: mandasi, chipisi, zitumbuwa ndi zakumwa zotsekemera. Galamu imodzi ya mafuta ophikira imapatsa mphamvu zoposa kawiri galamu ya shuga kapena ya ufa. Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera, la mamililita 300, likhoza kukhala ndi shuga wokwana timasipuni 7 kapena 8. Alamu anga sadagawe chakudya chawo, adachionjezera. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolowo umakasenzedwa ndi mtima ndi mawondo.

Nkhaniyi si ya anthu a m'tauni okha. Kafukufuku wa za umoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 adali onenepa kupyola muyeso, pamene ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu adali opinimbira. Ndalama ya mandasi atatu a mayi ikadagula dzira la mwana, onse awiri akadapindula.

Tsono wofuna kuchepetsa thupi achite chiyani? Asawerenge maulendo, awerenge zimene zili m'mbale. Amene amadya mitanda itatu ayambe kudya iwiri, makamaka ya mgaiwa, ndipo malo otsalawo adzaze ndi masamba ndi nyemba. Ntcheu sasowa kabichi, mpiru, nkhwani ndi tomato. Mbatata ya kachewere yophika m'madzi ndi chakudya chabwino. Imasanduka katundu ikamizidwa m'chiwaya cha mafuta. Shuga wa mu tiyi achepe, ludzu lithe ndi madzi, ndipo njala ikavuta pakati pa tsiku, gwafa kapena nthochi imodzi ikwanira. Wopanda sikelo atenge chingwe chofanana ndi msinkhu wake, achipinde pakati: chikalephera kuzungulira m'mimba chapamchombo, mafuta achuluka.

Ndisanatsanzike, alamu anga adatenga chingwe choyanikira zovala nayesa. Nsonga zake sizidakumane. Adaseka pang'ono, kenaka adati: "Alamu, ndiye kuti mawa chipisi ayi, koma nsima musandilande yonse." Ndidawatsimikizira kuti palibe wofuna kuwalanda nsima. Mtanda umodzi wokha ndiwo tidagwirizana kuti ubwerere mumphika.