Kaufiti M'munda wa Osunga Mwambo

Pa 7 Januwale 2025 ku France kudamwalira nkhalamba ya zaka 96, Jean-Marie Le Pen, amene adakhala zaka zoposa 50 akulalikira kuti mavuto a dziko lake adadza ndi alendo. Anthu ena adapumira m'mwamba nati ndale zachidani zapita naye kumanda. Mawu otere si achilendo. Adanenedwa mu 1945 nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, adanenedwanso mu 1962 ndi mu 2007. Ife sitigwirizana nawo, ndipo chodandaula chathu chachikulu chili pa zipani zolemekezeka za osunga mwambo, zimene mobwerezabwereza zakhala zikutsegulira onyanyirawo khomo lakuseri.

Mayina a "kumanja" ndi "kumanzere" amene timawamva pa wailesi adayamba mu 1789, pamene aphungu a ku France okonda mfumu ndi mwambo wakale ankakhala kudzanja lamanja la wapampando, ndipo ofuna kusintha zinthu ankakhala kumanzere. Kuchokera apo, wa kumanja ndi munthu wosunga mwambo: wolemekeza banja, chipembedzo, katundu wa munthu ndi bata, wosakonda kugwetsa nyumba yakale asanaone pogona. Mwa izi mulibe choipa, ndipo makolo ambiri m'maparishi mwathu angadzizindikire m'menemo. Koma kumapeto kwenikweni kwa dzanja lamanjalo kumakhala kagulu kena, kolankhula mawu omwewo a banja, dziko ndi mwambo, kamene sikangakonde kwawo popanda kuloza chala munthu wina. Wosunga mwambo amafunsa chimene tiyenera kuteteza. Wonyanyira amafunsa amene tiyenera kupirikitsa.

Mlimi aliyense amamudziwa kaufiti. Alibe mizu yodzidyetsa yekha. Amamatirira ku mizu ya chimanga nayamwa madzi ndi chakudya chake. Maluwa ake ngofiira mokongola, njere zake zimagona m'nthaka zaka zambiri osafa, ndipo amakonda munda woguga. Ndale za onyanyira a kumanja zimakhala motero. Pazokha sizikhalitsa, koma zikapeza mizu ya chipani chachikulu cha osunga mwambo, kapena mizu ya Eklezia imene, zimanenepa pamene chimangacho chikupinimbira.

Nkhani ya ku France si ya kutali monga ikuonekera. Ansembe a Montfort amene adafika ku Nzama mu 1901 anali a chipani chochokera kumeneko, ndipo chipani cha White Fathers, chimene chidamanga Mua mu 1902, chidayambitsidwa ndi Kadinala Charles Lavigerie, Mfalansa. Pa nthawi imeneyo Akatolika ambiri a ku France ankalira ufumu wakale ndipo ankadana ndi boma losankhidwa ndi anthu. Mu Novembala 1890, pa phwando la akuluakulu a asilikali a pamadzi ku Algiers, Lavigerie adaimirira napempha Akatolika kuti alandire bomalo ndi mtima woona. Adatero mogwirizana ndi Apapa Leo XIII, amene adalemba kalata ya mfundo yomweyo mu 1892. Okonda ufumu adapsa mtima, ndipo ambiri mwa iwo adaleka kupereka ndalama zothandiza mamishoni ake. Motero amishonale amene adatibweretsera Mthenga Wabwino adachokera m'nyumba imene inali italawa kale ukali wa kagulu kameneka.

Posakhalitsa kudabuka mlandu wa Alfred Dreyfus, kaputeni wa asilikali, Myuda, amene mu 1894 adamunamizira kuti ankagulitsa zinsinsi za dziko kwa Ajeremani. Adamuvula nyota zake pagulu namutumiza ku chilumba cha akaidi, ndipo adamuyeretsa mu 1906. Tiyenera kunena mosabisa kuti nyuzipepala ya Chikatolika ya La Croix inali m'gulu la omunyoza koopsa, ndipo idadikira mpaka 1998 kuti ipepese. M'kati mwa phokoso limenelo, mu 1899, mudabadwa gulu la Action Française, limene mphunzitsi wake wamkulu adadzakhala Charles Maurras.

Maurras ngwofunika kumuyang'anitsitsa, pakuti ophunzira ake akadalipo. Adagontha makutu ali mnyamata, adataya chikhulupiriro, ndipo zaka zambiri za moyo wake sankakhulupirira Mulungu. Komabe ankatamanda Eklezia Katolika kuposa akhristu ambiri opita ku Misa. Chimene ankakonda mwa Eklezia ndi dongosolo lake, maudindo ake, kumvera, Chilatini ndi ukulu wa Roma. Mthenga Wabwino weniweniwo ankaukayikira, chifukwa udalembedwa ndi Ayuda ndipo umakweza amphawi. Kwa iye Eklezia anali mpanda wotchingira dziko, ndipo ndale zinkayenera kukhala patsogolo pa zonse. Adani a France adawagawa m'magulu anayi: Ayuda, Achiprotestanti, a bungwe lachinsinsi la Freemason ndi alendo okhala m'dzikomo. Akatolika, amene anali atangopwetekedwa ndi lamulo la 1905 lolekanitsa boma ndi Eklezia, adaona ngati apeza mtetezi. M'maseminale ndi m'nyumba za ansembe nyuzipepala yake inkawerengedwa ngati katekisimu. Chinali chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Amene adang'amba nkhuyuyo ndi Apapa Pius XI. Mu Disembala 1926 adatsutsa Action Française naika nyuzipepala yake pa mndandanda wa zolembedwa zoletsedwa, ndipo mu 1927 okakamira gululo adayamba kumanidwa masakramenti. Chigamulochi chidang'amba mabanja ndi maparishi. Kadinala Louis Billot, Mjezwiti wophunzira kwambiri amene ankakondera gululo, adatula ukadinala wake mu 1927. Wanzeru wina, Jacques Maritain, adasiyana nalo nalemba buku lofotokoza kuti zauzimu ndizo zoyenera kutsogola. Ife tiyesa kuti Apapa aja adaona patali kuposa andale a nthawi yawo: munthu wotamanda Eklezia chifukwa cha mpanda wake, osati chifukwa cha Mwini wake, tsiku lina adzafuna kuti Eklezia adalitse chidani chake. N'chifukwa chake timamva chisoni kuti chiletsocho chidachotsedwa mu Julaye 1939, atsogoleri a gululo atalemba kalata yogonjera Apapa Pius XII. Kalatayo idasintha zochepa m'mitima yawo, ndipo nkhondo inali pakhomo.

Mu 1940 France itagonja kwa Germany, ulamuliro udapita kwa Philippe Pétain, mkulu wa asilikali wokalamba, amene boma lake lidakhala mu mzinda wa Vichy. Maurras adakondwera. Boma limenelo linkalankhula za ntchito, banja ndi dziko, mawu okoma m'khutu la wosunga mwambo aliyense, ndipo akhristu ambiri abwino adaliwombera m'manja. Mu Okutobala chaka chomwecho lidakhazikitsa lamulo lochotsa Ayuda pa ntchito za boma. Mu Julaye 1942 apolisi a France adagwira Ayuda pafupifupi 13,000 mu Paris, ana omwe. Onse pamodzi Ayuda oposa 75,000 adatengedwa m'dzikomo kupita ku misasa ya imfa, ndipo obwerako anali owerengeka. Ambuye Jules Saliège, Arkiepiskopi wa Toulouse, adalamula kuti kalata yawo yodzudzula nkhanzazo iwerengedwe m'matchalitchi mu Ogasiti 1942, koma olankhula chotero sanali ambiri. Mu Januwale 1945 bwalo la milandu ku Lyon lidagamula kuti Maurras akhale m'ndende moyo wake wonse. Adamwalira mu 1952 atalandira masakramenti otsiriza, ndipo za mzimu wake mwini ndi Mulungu.

Apa ndi pamene anthu adati kaufiti watha. Njere zidangogona. Nkhondo ya ku Algeria ya 1954 mpaka 1962 idazidzutsa, pamene okana ufulu wa dzikolo adafika poombera galimoto ya Pulezidenti Charles de Gaulle mu Ogasiti 1962. De Gaulle anali wosunga mwambo ndi Mkatolika wa Misa, ndipo ofuna kumupha anali a dzanja lake lomwe. Mu 1972 zotsala za magulu amenewa zidasonkhana kupanga chipani cha Front National, Le Pen ali mtsogoleri. Pa chisankho cha pulezidenti cha 1974 sadafike ndi pa voti imodzi yomwe mwa mavoti 100 aliwonse. Anthu ankamuseka.

Kuseka kudatha mu 1983 m'tauni ya Dreux, pamene zipani za osunga mwambo, pofuna kulanda khonsolo kwa a kumanzere, zidaphatikiza mndandanda wawo ndi wa Front National. Zidapambana, ndipo dziko lonse lidaphunzira kuti kukhala mphasa imodzi ndi Le Pen si chamanyazi. Mu 1986 chipanicho chidalowa m'nyumba ya malamulo ndi aphungu 35. Chaka chotsatira Le Pen adapeputsa poyera nkhani ya zipinda za mpweya wa poizoni m'mene Ayuda ankaphedwera, makhoti adamulanga, koma omutsata sadachepe. Mu 1998 atsogoleri ena a osunga mwambo adalandira mavoti a chipanicho kuti akhale pa mipando ya zigawo. Mu 2002 Le Pen adafika pa chisankho chachibwereza cha pulezidenti, ndipo dziko lidadzidzimuka: Jacques Chirac, amene adakana ngakhale kukhala naye pa mtsutso wa pa kanema, adapambana ndi mavoti 82 mwa 100 aliwonse.

Chimene chidatsatira ndicho tifuna kuchidzudzula kwambiri, chifukwa chimaoneka ngati nzeru. Nicolas Sarkozy adaganiza zolanda ovota a Le Pen pobwereka mawu ake. Mmodzi mwa alangizi ake, Patrick Buisson, anali mkonzi wakale wa nyuzipepala ya onyanyira ya Minute. Mu 2007 Sarkozy adapambana, Le Pen adatsikira pa mavoti 10 mwa 100, ndipo boma latsopano lidakhazikitsa unduna umene dzina lake lidalumikiza nkhani ya alendo ndi ya umwini wa dziko, ngati kuti mlendo ndiye dzimbiri la mtundu. Olemba nkhani adati chipani cha Le Pen chaikidwa m'manda. Koma wobwereka nyimbo ya mnzake amatchukitsa mwini nyimbo. Marine Le Pen, amene adatenga mpando wa bambo wake mu 2011, adasesa pabwalo, adachotsa bambo wakeyo m'chipani mu 2015, ndipo mu 2018 adachitcha dzina latsopano la Rassemblement National. Pa chisankho chachibwereza cha 2017 adapeza mavoti pafupifupi 34 mwa 100, ndipo mu 2022 adapitirira 41. Pa chisankho cha 2022 chomwecho Valérie Pécresse, woimira chipani chachikulu cha osunga mwambo, cholowa cha de Gaulle ndi Chirac, sadafike ndi pa mavoti 5 omwe mwa 100.

Tingalakwe tikayesa kuti mamiliyoni onse ovotera chipani chimenechi ndi anthu a mtima wa mwala. Kumpoto kwa France kuli matauni onga Hénin-Beaumont, kumene migodi ya malasha idatsekedwa, mafakitale adasamuka, ndipo ana amakula osaona bambo akulawira ku ntchito. Kale anthu amenewa ankavotera a kumanzere. Mu 2014 adapereka tauniyo kwa Front National. Dandaulo lawo ndi loona. Bodza lili pa yankho, pakuti amene adatseka mgodi si mnyamata wa ku Mali wosesa msewu. Zipani zazikulu zidaona nthaka ikuguga koma sizidathire manyowa, ndipo zitaona maluwa ofiira zidayamba kuwathirira. Nafenso, amene abale athu adabwerera pa mabasi kuchokera ku South Africa mu 2008 ndi mu 2015 atasiya katundu wawo yense, tikudziwa amene amalipira pamene anthu osauka auzidwa kuti mdani wawo ndi mlendo.

Palinso chifukwa china chimene kagulu kameneka sikafera. Chipani chachikulu chimalamulira, ndipo wolamulira amanyengerera, amagonja pena, amakhumudwitsa omutsata. Wonyanyira sanyamula mtolo umenewo. Amaima pambali ndi manja oyera nanena kuti akuluakuluwo agulitsa mwambo, ndipo pa kukhumudwa kulikonse amatolapo anthu. Safuna kupambana chisankho kuti alamulire maganizo; n'kokwanira kuti mnansi wake wamkulu aziopa kutchedwa wofooka. Mu Disembala 2023 nyumba ya malamulo ya France idavomereza lamulo lokhwima la alendo, aphungu a Rassemblement National akuvota nawo, ndipo Marine Le Pen adalitcha chipambano cha maganizo a chipani chake, ngakhale bwalo loona za malamulo aakulu lidafafaniza ndime zambiri mu Januwale 2024.

Mawu akuti "chikhalidwe cha Chikhristu" amamveka kawirikawiri pakamwa pa andale otere ku Ulaya, ngakhale pa ena amene tchalitchi amangochiona pa maliro. Ndi Maurras yemwe uja, wovala jekete latsopano. Dzina lake lidabukanso mu 2018, pamene unduna wa zachikhalidwe udaliika m'buku la zikumbutso za dziko pa zaka 150 za kubadwa kwake, kenaka nkulichotsa anthu atadandaula. Ndipo mu Juni 2024 Éric Ciotti, pulezidenti wa chipani cha Les Républicains, adalengeza yekha pa kanema kuti apanga mgwirizano ndi Marine Le Pen. Akuluakulu anzake atafuna kukumana kuti amuchotse, iye adakhoma zitseko za likulu la chipanicho, iwo nakachitira msonkhano wawo kwina. Mu Seputembala chaka chomwecho adatuluka m'chipanimo, natenga kagulu kake ka aphungu kukakhala pambali pa Rassemblement National.