Onyamula katemera panjinga

Pa 23 Epulo 2019, dziko la Malawi lidakhala loyamba padziko lonse kupereka katemera wa malungo, RTS,S, kwa ana kusikelo, ndipo Machinga ndi Balaka anali m'gulu la maboma 11 oyambirira. Akatswiri adamukonza kwa zaka zoposa 30, ndipo ulemu ukuwayenera. Koma ine mtima wanga uli pa alangizi a zaumoyo, amene amamufikitsa kwa mwana kumudzi.

Luso lawo lagona pa kusamala kuzizira. Katemera amafuna madigiri 2 mpaka 8, pomwe dzuwa la mu Okutobala ku Liwonde kapena ku Utale limawotcha ngati moto. Mlangizi amalawira mbandakucha kuchipatala, kulongedza timabotolo m'bokosi lozizira, n'kulimangirira panjinga. Akafika pansi pa mtengo pomwe amayi akudikira, amayamba wayang'ana kachizindikiro ka pabotolo: kakada, ndiye kuti katemerayo wawonongeka ndi kutentha, sabaya mwana wa munthu.

Kenako amatsegula kabuku ka mwana. Jakisoni wa malungo ndi wa pa miyezi 5, 6 ndi 7, wachinayi pa miyezi 22. Wachinayiyu ndiye wovuta, chifukwa mwana akayamba kuthamanga, makolo ambiri amasiya kupita kusikelo. Mlangizi amawalondola khomo ndi khomo, kudzera kwa amfumu, osawakalipira.

Khama lotereli si la pa katemera wa malungo yekha. Pa Nyanja ya Chilwa mu 2016, katemera wakumwa wa kolera adafikanso kwa asodzi ogona m'zimbowera, misasa yoyandama pamadzi. Kumeneko njinga siyenda. Azaumoyo adakwera mabwato.