Phwando la Zaka 100 za Mbusa: Maganizo pa Filimu ya Babette's Feast

Origen, mphunzitsi wa ku Alexandria, polalikira pa buku la Levitiko anaona kuti m'Malembo Oyera anthu ochita phwando pa tsiku lao lobadwa ndi Farao ndi Herode, ndipo kuti maphwando onse awiri anathera pa mtembo: Farao anapachika mkulu wa ophika buledi, Herode anadulitsa mutu wa Yohane Mbatizi. Mpaka lero Eklezia ndi woumira pa nkhani imeneyi. M'kalendala wake muli masiku obadwa atatu okha: la Ambuye pa 25 Disembala, la Amai Maria pa 8 Sepitembala, ndi la Yohane pa 24 Juni. Oyera enawo kawirikawiri timawakumbukira pa tsiku la imfa yao.

Ndakumbutsa zimenezi chifukwa filimu ya ku Denmark yotchedwa Babette's Feast, imene Gabriel Axel anatulutsa mu 1987, ndi nkhani ya tsiku lobadwa, ngakhale ambiri olemba za filimuyi amaiwala zimenezo. Mu 1988 inalandira mphotho ya Oscar. Mu 1995 a ku Vatican anaiika pa mndandanda wao wa mafilimu 45 oyenera kuonedwa. Ndipo Papa Francis anaitchula mu Amoris Laetitia, ndime 129, mu 2016. Alaliki aiyesa fanizo la Ukaristia: anthu 12 pa thebulo, vinyo, ndi mai wopereka zonse zimene ali nazo. Sindikana. Koma kuthamangira ku guwa kotereku kwatiphimba m'maso, osaonanso chimene nkhalambazo zinasonkhanira. Zinabwera kudzakumbukira kuti mbusa wao, amene anamwalira kalekale, akadakhala moyo akadakwanitsa zaka 100 pa 15 Disembala.

Nkhani yake njachidule. Karen Blixen anaisindikiza mu 1950, naiika m'buku la Anecdotes of Destiny mu 1958. Iye anaikhazika ku Berlevaag, kumpoto kwa Norway, koma Axel anaisamutsira ku gombe la Jutland, dziko la mphepo ndi mchenga. Kumeneko mbusa wina wa Chilutera anayambitsa kagulu ka akhristu okana zokoma za pansi pano. Ana ake aakazi awiri anawatcha Martine ndi Filippa, potsata maina a Martin Luther ndi Philipp Melanchthon. Msilikali wachinyamata, Lorens Löwenhielm, anakonda Martine nachoka osanena za kumtima kwake. Woimba wotchuka wa ku Paris, Achille Papin, anamva liu la Filippa m'tchalitchi nayamba kumphunzitsa, koma mtsikanayo anasiya maphunzirowo. Onse awiri anakalambira pa nyumba ya atate ao. Mu 1871, pamene asilikali a boma anathyola chipanduko cha Commune ku Paris, mai wina dzina lake Babette, amene mwamuna wake ndi mwana wake anaphedwa, anagogoda pa chitseko chao atanyamula kalata ya Papin. Anawaphikira zaka 14 osalandira malipiro: nsomba zouma ndi phala la buledi wonyikidwa m'mowa. Kenaka tikiti yake ya lotale inampatsa mafranki 10,000, ndipo anapempha chinthu chimodzi chokha: amlole kuphika chakudya cha tsiku la mbusa, kaphikidwe ka ku France, ndi ndalama zake.

Luso la Axel lioneka poyamba pa m'mene asonyezera ukalamba wa kagulu kaja. Atsala ochepa, makutu ayamba kugontha, ndipo akasonkhana kuti apemphere nyimbo imathera m'mkangano. Chimene chawasokoneza si kuiwala ai, koma kukumbukira. Amai awiri akumbukira miseche ya zaka zambiri zapitazo. Abambo awiri akumbukira chinyengo cha pa malonda a matabwa. Bambo wina ndi mai wina akumbukira chikondi chao chamseri cha pa unyamata, ndipo aliyense aloza mnzake chala. Timakonda kunena kuti imvi zimabwera ndi mtendere, koma wansembe aliyense amene anayenderapo odwala okalamba adziwa kuti mtima umatha kusunga ngongole mpaka pa mphasa ya imfa. Axel sanawakometse anthuwa. Anasankha ochita sewero okalambadi, ena mwa iwo amene anasewerapo m'mafilimu a Carl Dreyer: Birgitte Federspiel, amene ali Martine, ndi Preben Lerdorff Rye onse anali mu Ordet ya 1955. Nkhope zao zamakwinya zilankhula kuposa mau.

Tsono tsiku la zaka 100 likuwapeza otere. Alongo awiriwa anaganiza za mwambo waung'ono: chakudya chochepa ndi kapu ya khofi. Ataona katundu wa Babette akutsitsidwa m'bwato, zinziri zamoyo, mabotolo a vinyo, mutu wa ng'ombe ndi kamba wamkulu wa m'nyanja akupuma m'khitchini, Martine analota maloto oopsa, napita kukaulula kwa abale kuti walowetsa ufiti m'nyumba ya atate ake. Pamenepo nkhalambazo zinapangana: zidzadya chifukwa cha ulemu, koma sizidzatchula kanthu za chakudyacho, ndipo lilime lidzakhala ngati silimva kukoma. Apa woonerera amaseka, ndipo ayenera kuseka. Komabe tione kuti pangano limeneli ndi chinthu choyamba chimene anthuwa agwirizanapo patapita zaka zambiri. Chakudya chayamba kale ntchito yake asanachilawe.

Mlendo wa nambala 12 ndi Löwenhielm uja, tsopano ali Jenerale wokalamba, wabwera kuperekeza azakhali ake. Iye yekha ndiye adziwa chimene chili pa thebulo. Alawa msuzi wa kamba nazindikira vinyo wa Amontillado. Atchula Veuve Clicquot wa 1860. Ndipo zitafika zinziri zogonekedwa m'timabokosi ta mkate ngati m'mabokosi a maliro, akumbukira kuti anadyapo zotere ku Café Anglais ya ku Paris, kumene wophika wamkulu anali mkazi. Akamayamikira, anzakewo amyankha za nyengo ndi chipale. Chigawo chimenechi nchachitali, ndipo Axel sachita changu. Kamera ingoyenda pang'onopang'ono pa masaya amene ayamba kufiira, pa mai wokalamba amene alawa madzi nawakankha nabwerera ku vinyo. Poti pangano laletsa kunena za chakudya, pakamwa pafuna china chonena, ndipo ayamba kukamba za mbusa. Akumbukira mau ake. Akumbukira Khirisimasi ina pamene analonjeza kukalalika kutsidya, namondwe naletsa mabwato, madzi naundana, iye nkuwoloka pansi. Kukumbukira komwe kuja, kumene dzulo kunali mpeni, lero kwasanduka chingwe chowamanga pamodzi. Wonyengedwa pa matabwa aseka naulula kuti iyenso anabwezera mwamseri. Okondana akale aja apsompsonana. Palibe chatsopano chimene aphunzira. Zakale zomwezo zasintha kukoma.

Apa ndi pamene filimuyi iyankha Origen. Phwando la Herode linali la munthu wodzikondwerera yekha, ndipo linadya mutu wa mneneri. Phwando ili mwini wake palibe, sangalandire mphatso kapena kumva zomtama, choncho zonse zigwera amoyo.

Koma pali zinthu ziwiri zimene sizindikhutitsa, ndipo wophunzira zaumulungu sayenera kuzilumpha.

Choyamba ndi mbusa mwini. Pa thebulo ponse palibe amene atchula mtengo umene ana ake analipira. Ife tinaona kuyambirira kwa filimu m'mene anabwezera mnyamata wofunsira mbeta, pomuuza kuti ana akewo ali ngati manja ake awiri. Munthuyu anali woyera m'maso mwa gulu lake, komanso anadya unyamata wa ana ake. Jenerale aimirira nalankhula, potsamira pa Salmo 85 limene mbusa ankalikonda, lonena za kukumana kwa chifundo ndi choona. Mfundo yake njakuti chaulere chilibe malire: chimene tinasankha tipatsidwa, ndipo chimene tinakana tibwezeredwanso. Mauwa ngokoma, ndipo Jarl Kulle awanena mwa ulemu waukulu. Komabe ndifunsa: kodi Martine anakana, kapena anamkanira? Chifundo chafika pa thebulo, koma choona chatsala pang'ono pa khomo. Chimene chipulumutsa filimuyi ndi nkhope ya Bodil Kjer, amene ali Filippa, pamene akhala pansi kuimba nyimbo ya madzulo atatha kudya. Liu limene likadamveka ku Paris likuimbira nkhalamba khumi ndi mmodzi. Iye sadandaula, komanso sanamizira kuti palibe chinatayika. Ife amene timakonza majubili a zaka 25 ndi 50 za unsembe, ndi kutsazika maepiskopi akafika zaka 75 monga lamulo 401 la Eklezia linenera, tidziwa msampha umenewu. Pa tsiku lotere munthu amayeretsedwa asanafe, ndipo amene anasenza kuuma mtima kwake akhala chete pa mpando wakumbuyo, akuomba nao m'manja.

Chachiwiri ndi Babette. M'buku la Blixen mai ameneyu ndi woopsa kuposa m'filimu. Pamapeto aulula kuti anali pakati pa opanduka a Commune, akuthira zipolopolo m'mfuti za amuna, ndiponso kuti alira anthu olemera omwe ankamenyana naowo, ngakhale Jenerale Galliffet amene anaphetsa mwamuna wake ndi mwana wake, popeza iwo okha ndiwo ankadziwa kulawa ntchito ya manja ake. Auzanso alongowo poyera kuti sanaphikire iwo, anadziphikira yekha, pakuti ndi mmisiri. Axel anafewetsa zonsezi: za mfuti anachotsa, ndipo Stéphane Audran atipatsa Babette wodekha, wovala mtanda pachifuwa. Nchifukwa chake nkwapafupi kumuyesa chithunzi cha Kristu. Ine ndiona kuti pamenepa filimu inataya kanthu. Chaulere chimene chidzera m'manja a munthu wonyada, wa chilonda chosapola, amene sanaganize nkomwe zoyanjanitsa aliyense, nchodabwitsa kuposa chodzera mwa woyera mtima. Ndipo ndicho chifanana ndi zimene timaphunzitsa za masakramenti, kuti mphamvu yake siichokera ku ungwiro wa wowapereka. Mpapa, monga anthu a m'mudzimo akadamutchulira, wadyetsa Alutera. Wopanduka wadyetsa Jenerale. Buku lisunga minga imeneyi, filimu iisadza.

Pali chimodzi chimene Axel anachigwira bwino kotheratu. Usiku wonse Babette salowa m'chipinda chodyera. Mbale zipita ndi mnyamata, iye ali pa moto, thukuta lili kamukamu, ndipo mnzake ndi woyendetsa ngolo ya Jenerale, amene akhala pa ngodya akudya zomwezo nanena mau amodzi okha oyamikira. Jenerale, amene wakamba za wophika wa ku Café Anglais, achoka osadziwa kuti maiyo ali kuseri kwa khoma. Alendo atuluka osamthokoza, nagwirana manja kuzungulira chitsime pansi pa nyenyezi, akuimba ngati ana. Adzalikumbukira tsikuli mpaka imfa, ndipo adzati linali dalitso la mbusa.

Alongo aja ndiwo okha apita kukhitchini. Ampeza atakhala pakati pa miphika yakuda, namuuza kuti adzamkumbukira akabwerera ku Paris. Iye ayankha kuti sabwerera: kulibe womdikira, ndipo ndalama zatha, pakuti chakudya cha anthu 12 ku Café Anglais mtengo wake unali mafranki 10,000. Martine achita mantha kuti tsopano adzakhala mmphawi moyo wake wonse. Filippa, amene adziwa kulemera kwa mphatso yokwiriridwa, amkumbatira. Kunja chipale chayamba kugwa, ndipo kandulo ya pa thebulo izima yokha.