Liwu la Chingerezi lilibe mdani mmodzi

Zimandinyansa mmene nkhani ya mawu otsutsana m'Chingerezi imaphunzitsidwira. Mwana amapatsidwa mndandanda, hot uku cold uko, big uku small uko, n'kuloweza pamtima. Akakula n'kuyamba kulemba nthano kapena sewero, amakhulupirirabe kuti liwu lililonse lili ndi mdani wake mmodzi yekha. Limeneli ndi bodza, ndipo ndi lomwe likuumitsa zolemba zambiri.

Tatengani liwu la fresh. Buledi akagonera sakhalanso fresh, amakhala stale. Mkaka ukasasa amati sour. Madzi a m'Nyanja ya Malawi ndi fresh water, ndipo otsutsana nawo ndi salt water, a m'nyanja yamchere. Liwu lake ndi limodzi lomwelo koma adani atatu. Old akakhala galimoto amalimbana ndi new, akakhala munthu amalimbana ndi young. Mdani wa liwu amasankhidwa ndi mawu amene aliyandikira m'chiganizo, ndipo mlembi amene khutu lake silimva zimenezi sanayambe ntchito.

Peter Mark Roget, dokotala wa ku London, ankazidziwa bwino izi. M'buku lake la Thesaurus la mu 1852 sanasanje mawu motsata alifabeti. Anagawa maganizo m'mitu 1,000, ndipo mitu yotsutsana anaiika moyang'anizana patsamba, uliwonse ndi khamu lake la mawu. Kwa iye zotsutsana zinali maganizo, ndipo kusankha liwu loyenera anamusiyira wolemba.

Pa maluso onse ogwiritsa ntchito mawu otsutsana, limene ndimaligwadira ndi lonena chinthu pokana mdani wake. Akatswiri amalitcha litotes. Mngerezi akadya chakudya chomukomera kwambiri amangoti not bad, nkhope ili phee. Koma kukoma kwenikweni kwa lusoli kuli pa mpata umene limatsegula. Tiyerekeze m'sewero mayi akufunsa mwana wawo wamkazi za mwamuna wake. Akayankha kuti he is kind, nkhani yatha, mitima ya omvera yakhala pansi. Akayankha kuti he is not unkind, holo yonse imangoti zii, chifukwa aliyense wamva kuti bamboyo samenya mkazi wake, koma samufunsanso ngati wadzuka bwino. Ukwati wonse waonekera m'mawu anayi! Mtsikanayo sananame, sananeneze mwamuna wake kwa amake, komabe wadandaula. Pakati pa kind ndi unkind pali bwalo lalikulu, ndipo anthu ambiri amakhala m'bwalo limenelo moyo wawo wonse. Mndandanda wa m'kalasi sulidziwa n'komwe.

Mlembi George Orwell anadana nayo njira imeneyi ya litotes. Mu 1946, m'nkhani yake ya Politics and the English Language, anaseka olemba okonda kuphatikiza not ndi un-. Pa andale ozemba kunena zoona ankanena zoona, sindikana. Koma kuthamangitsa luso lonse chifukwa ena amabisalamo kuli ngati kutaya mpeni poti mwana wadzicheka nawo. Wandale amakana mdani wa liwu kuti asagwidwe pakamwa, pomwe mlembi waluso amatero kuti aonetse munthu amene sangathe kunena zonse zili kumtima.

Zogundanitsa mawu dala, za deafening silence ndi bittersweet, zimene alakatuli achinyamata amazikonda kwambiri, zinasukuluka kalekale ndipo sizidzidzimutsanso munthu.

Chimene chimafuna khutu lakuthwa ndi mawu a tsiku ndi tsiku amene amadzitsutsa okha. Sanction ndi chilolezo, komanso ndi chilango chonga chimene bungwe la United Nations linaika pa Rhodesia mu 1966. Inflammable satsutsana ndi flammable, onse awiri amanena chinthu chosachedwa kuyaka. Ndiye pali quite good. Munthu wa ku New York akatero nthawi zambiri wayamikira ndithu, pomwe wa ku London akhoza kutanthauza kuti zangokhala bwinoko pang'ono. Choncho wolemba sewero la Chingerezi ayenera kudziwa kumene mtengambali wake anakulira asanamuike mawu awiriwa m'kamwa.